Kuika tuner ya kanema wa dijito pa kompyuta ya Linux kuno ku Mangochi

Ngati muli ndi laputopu yakale imene Windows inayamba kuilemera ndipo munaikamo Ubuntu kapena Linux Mint, mungathe kuisandutsa wayilesi ya kanema yotha kujambulanso mapulogalamu, popanda kuwononga bandulo poonera. Chofunika ndi kachipangizo kotchedwa tuner, eriyo yabwino ndi waya wosawola. Tuner imakoka siginolo ya mumlengalenga monga imachitira dikoda, kungoti chithunzicho imachipereka ku kompyuta. Zilipo zolowetsa pa USB, zilipo zamakadi zolowetsa m'kati mwa kompyuta yapadesiki pa PCIe. Ndikamba kwambiri za USB chifukwa ndi zimene ambiri timakwanitsa kuitanitsa.

Ntchitoyi imafuna kutsata ndondomeko. Amene amadandaula kuti Linux ikukana nthawi zambiri amakhala kuti athamangira kutsegula pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC pomwe kompyutayo tuner sinaione n'komwe, kapena akulimbana ndi madiraiva, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, usiku wonse pomwe vuto lili padenga. Musapite patsogolo musanaone ndi maso kuti pamene mulipo patheka.

Musanatulutse ndalama

Dziko lathu limaulutsa kanema wa dijito m'njira ya DVB-T2. Mayiko a SADC anagwirizana zotsata njirayi mu 2010, pamodzi ndi MPEG-4 yopanikizira zithunzi, ndipo bungwe la ITU, loona za mauthenga pa dziko lonse, linaika 17 June 2015 ngati tsiku loti mayiko a chigawo chathu akhale atasamuka ku analogi. Kuno ntchito yonyamula matchanelo pa dijito inapatsidwa kwa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited (MDBNL), eni ake a madikoda a Kiliye Kiliye. Zimenezi zikukhudza thumba lanu motere: tuner yolembedwa DVB-T yokha, popanda 2 kumapeto, siigwira chilichonse kuno. DVB-T ndi njira yakale, ndipo chipangizo chake sichimva chinenero cha DVB-T2 ngakhale mutachiikira diraiva wotani. Ya DVB-T2 ndiye imamva zonse ziwiri.

Msampha waukulu ndi timatuner totchipa tambirimbiri tokhala ndi chip ya Realtek RTL2832U. Pa bokosi amalemba DVB-T, DAB ndi FM, ndipo wogulitsa angakulumbirireni kuti ndi ya dijito. Sakunama, koma si dijito yathu. Linux imailandira bwino, madiraiva amalowa popanda vuto, kenako mumasaka matchanelo osapeza ngakhale imodzi. Akatswiri a mawayilesi amaikonda pa ntchito zina, koma pa kanema wa kuno musaigule. Chimodzimodzi zolembedwa ATSC, zimene ndi za ku America, ndi ISDB-T, za ku Japan, Brazil ndi Botswana. Wachibale akamakutumizirani kuchokera ku Johannesburg zinthu zimaphweka, chifukwa South Africa nayo ili pa DVB-T2.

Chachiwiri, Linux siyang'ana dzina la pa bokosi, imayang'ana chip ya m'kati. Makampani amatha kusintha chip osasintha dzina, ndiye musanagule fufuzani dzina la chipangizocho pa wiki ya LinuxTV muone zimene ena anapeza. Zina zimene zimadziwika kuti zimagwira ndi madiraiva obwera kale mu kernel, mtima wa Linux, ndi izi. MyGica T230 ndi abale ake, komanso Hauppauge WinTV-soloHD ndi dualHD, zimagwiritsa ntchito Si2168 ya Silicon Labs. Xbox One Digital TV Tuner, imene Microsoft inapangira makina ake a masewero, ili ndi Panasonic MN88472 ndipo Linux inayamba kuidziwa pa kernel 4.16, ikapezeka yogwiritsidwapo kale ntchito imatchipa. Astrometa DVB-T2 nayo imagwira koma ili ndi kakhalidwe kake kamene ndikafotokoze pansipa. Amene muli ndi Raspberry Pi, pali tuner yotchedwa TV HAT imene inatuluka mu 2018, yokhala ndi Sony CXD2880. Makadi a TBS ndi olimba, koma ambiri amafuna kuti mumange nokha madiraiva a kampaniyo, ndipo kernel ikangosintha mumamanganso. Kwa munthu woyamba kumene, ine sindingamulangize zimenezo.

Chachitatu, ndipo apa pasakhale kunamizana: tuner imaonetsa matchanelo osatsekedwa okha. Matchanelo olipira monga a GOtv amadutsa mumlengalenga momwemo ndipo mayina ake mungawaone pa mndandanda, koma mukawatsegula mudzangoona mdima, chifukwa kiyi yake ili mu dikoda ya eni ake. Tchanelo iliyonse imene woulutsa waitseka imakhala choncho. Ngati cholinga chanu ndi mpira wa ku England waulere, ndalamayo isungeni. Musanagule, pezani mnzanu amene ali ndi TV yatsopano yokhala ndi DVB-T2 m'kati mwake, alumikize eriyo popanda dikoda, asake. Zimene TV yakeyo ionetse m'dera lanulo ndi zomwezo zimene tuner yanu idzaonetse.

Kodi kompyuta yaiona?

Lowetsani tuner, tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo, lembani:

lsusb

Ngati ndi khadi la m'kati, lembani lspci. Pa mzere umodzi mudzaona manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri, monga 045e:02d5 ya Xbox ija kapena 15f4:0131 ya Astrometa. Nambala imeneyi ndiyo dzina lenileni la chipangizo chanu, ilembeni penapake. Mukaona 0bda:2838, ndiye kuti mwagula RTL2832U ija. Ngati palibe mzere watsopano uliwonse, sinthani doko la USB. Madoko a malaputopu akale amakhala ofuka fumbi ndi otayirira, ndipo vuto lotere silifuna diraiva.

Kenako zulani tuner, lembani lamulo ili ndi kulisiya likuyenda:

sudo dmesg -w

Lowetsaninso tuner mukuyang'ana. Kernel imalemba zonse zimene ikuchita. Mawu amene mukuwafuna ndi registering adapter 0 frontend 0. Mukawaona, diraiva walowa. Tsimikizani ndi:

ls /dev/dvb/adapter0

Muyenera kupezamo frontend0, demux0 ndi dvr0. Frontend ndiyo imatchera pa frequency, demux imasankha tchanelo pa mulu wa zimene zabwera, dvr ndi pamene chithunzi chimatulukira. Ngati /dev/dvb palibe ngakhale lsusb ikuonetsa chipangizo, mwina kernel yanu ndi yakale kuposa tuner. Lembani uname -r muone, ndipo ngati mudakali pa Ubuntu wa zaka zambiri zapitazo, kukweza dongosolo lonse n'kosavuta kuposa kusoka madiraiva pamanja. Amene munaikapo mapulogalamu a rtl-sdr, yang'anani mu /etc/modprobe.d ngati muli fayilo yoletsa dvb_usb_rtl28xxu, chifukwa Astrometa imadalira diraiva yemweyo.

Firmware

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ma chip ambiri a DVB-T2 sasunga pulogalamu yawo yoyendetsera. Kompyuta imayenera kuwapatsa nthawi iliyonse akayatsidwa. Kafayilo kameneka ndi firmware, ndipo kamakhala mu /lib/firmware. Ubuntu imabwera ndi ambiri kudzera mu linux-firmware, koma ena a matuner mulibe. Si2168 imafuna fayilo monga dvb-demod-si2168-b40-01.fw, kapena ina yofanana nayo malinga ndi mtundu wa chip. Astrometa yokhala ndi MN88473 imafuna dvb-demod-mn88473-01.fw. Ya Xbox imafuna awiri: dvb-usb-dib0700-1.20.fw ndi dvb-demod-mn88472-02.fw.

Chosokoneza n'chakuti ma chip ngati Si2168 sapempha firmware pamene mwalowetsa tuner. Amapempha pamene pulogalamu yatsegula frontend koyamba. Ndiye dmesg imaoneka yoyera, /dev/dvb ilipo, inu n'kumati zonse zili bwino, koma kusaka kumabwera chimanjamanja. Choncho Terminal ya dmesg ija musaitseke. Mukayamba kusaka n'kuona mzere wonena kuti Direct firmware load for, dzina la fayilo, kenako failed with error -2, dziwani kuti -2 akutanthauza kuti fayiloyo sinapezeke. Dzina lenileni limene mukufuna lalembedwa pomwepo, musaganizire.

Mafayilowa amapezeka pa GitHub, m'nkhokwe ya dvb-firmware ya LibreELEC. Ndi aang'ono kwambiri, makilobayiti ochepa chabe, moti mungawakopere pa foni ndi kuwasamutsa. Chenjezo limodzi: potsitsa, dinani potsitsira fayilo yeniyeniyo. Mukasunga tsamba la intaneti n'kulipatsa dzina lothera ndi .fw, kernel idzalikana. Lamulo la file lingakuuzeni; likayankha kuti HTML document, tsitsaninso. Mukaipeza yoyenera:

sudo cp dvb-demod-si2168-b40-01.fw /lib/firmware/

Zulani tuner, dikirani pang'ono, lowetsaninso.

Zida zosakira

sudo apt install dvb-tools vlc

Phukusi la dvb-tools lili ndi timapulogalamu titatu timene tikufuna: dvb-fe-tool, dvbv5-scan ndi dvbv5-zap. Yambani ndi dvb-fe-tool popanda china chilichonse. Idzalemba dzina la chip ndi njira zimene imamva. Pa mndandandawo payenera kukhala DVBT2.

Za Astrometa zija ndi izi. Ili ndi ma chip awiri, ndiye imaonetsa frontend0 ndi frontend1. Yoyambayo ndi Realtek ya DVB-T yokha, yachiwiriyo ndiyo ya DVB-T2. Mapulogalamu ambiri amangotenga frontend0 osafunsa. Lembani dvb-fe-tool -f 1 muone, ndipo pa malamulo onse otsatirawa muziwonjezera -f 1. Mukalandira Permission denied, dziikeni m'gulu la video ndi sudo usermod -aG video $USER, tulukani mu akaunti yanu ndi kulowanso.

Eriyo

Kaeriyo kakang'ono kamaginito kamene kamabwera m'bokosi kasiyeni momwemo. Kanapangidwira mizinda imene nsanja youlutsira imaoneka pawindo. Kuno, m'nyumba ya malata, sikangakuthandizeni. Gulani eriyo yapanja ya UHF, ya timizere tambiri ija imene anthu amagwiritsa ntchito ndi madikoda, ndi waya wa RG6. Waya woonda wotchipa uja, umene ukausenda umapeza timaulusi towerengeka, umadya siginolo yonse isanafike pansi. Onaninso kamwa la tuner yanu: zina zili ndi kabowo kakang'ono ka MCX ndipo zimafuna kolumikizira kake, kamene kamabwera m'bokosi ndipo kamasowa msanga.

Kolozetsa eriyo musavutike ndi mapu. Tulukani panja muone kumene aloza anzanu amene madikoda awo akugwira bwino, ndipo muonenso ngati timizere tawo tagona kapena taimirira. Mukaimika timene tiyenera kugona, mumataya siginolo yambiri ngakhale mwaloza koyenera. Boma lathuli si lofanana ponse. Wa pa tauni pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, wa ku Namwera pamwamba pa mapiri, wa ku Monkey Bay pakati pa zitunda zamiyala ndi wa ku Makanjira kutsidya sangalandire mofanana. Mafunde a UHF amayenda molunjika ndipo phiri likatchinga latchinga. Pamwamba pa madzi amayenda bwino, moti wa m'mphepete mwa nyanja nthawi zina amalandira zakutali kuposa amene ali kuseri kwa chitunda chapafupi. Kukweza mlongoti ndi mamita awiri kapena atatu kumathandiza kuposa chilichonse chimene mungalembe mu Terminal. Mitengo ya mango yowirira nayo imatchinga, makamaka masamba akanyowa.

Mangani mlongoti molimba, ndi mawaya ochirikiza ngati ndi wautali. Mwera ukayamba mu June ndi July, nsungwi yomangidwa ndi chilambe imatembenuka pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina mumangoona chithunzi chikuduka timabokosi. Polumikizira waya ndi eriyo pakulungeni ndi tepi bwinobwino, kamwa liloze pansi. Waya asanalowe m'nyumba, mupindeni atsike pang'ono ndi kukweranso, kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsata waya mpaka ku tuner. Madzi akalowa m'kati mwa waya, ulusi wamkuwa umada ndi kuchita dzimbiri, ndipo palibe kukonza kwake koma kudula.

Ma eriyo ena ali ndi booster m'kati ndipo amayembekezera magetsi kuchokera ku dikoda kudzera mu waya womwewo. Matuner ambiri a USB sapereka magetsi amenewo. Eriyo yotere ikakhala yopanda magetsi imagwira moipa kuposa yopanda booster n'komwe. Ngati yanu ndi yotero, ikani kabokosi kake kamagetsi pakati. Ndipo booster si mankhwala a chilichonse: imakweza siginolo pamodzi ndi phokoso lomwe, ndipo ngati muli pafupi ndi nsanja ya mafoni, imakwezanso 4G imene ili moyandikana ndi kanema pa 700 ndi 800 MHz. Pamenepo chofunika ndi kasefa ka LTE.

Kusaka matchanelo

dvbv5-scan imafuna fayilo youza mafrequency oti iyese. Mafayilo okonzeratu amene amabwera ndi Linux ndi a mizinda ya kunja kwambiri, ndiye tipanga yathu. Masamu ake ndi osavuta. Tchanelo iliyonse ya UHF ndi yotambalala 8 MHz, ndipo pakati pake pamapezeka pochulukitsa nambala ya tchanelo ndi 8 n'kuwonjezera 306. Tchanelo 21 ndi 474 MHz, 22 ndi 482, mpaka 48 imene ndi 690. Pamwamba pa 694 MHz anapereka ku mafoni. Lembani izi pa mzere umodzi:

for k in $(seq 21 48); do printf "[CH$k]\n\tDELIVERY_SYSTEM = DVBT2\n\tFREQUENCY = $(( (306+8*k)*1000000 ))\n\tBANDWIDTH_HZ = 8000000\n\tMODULATION = QAM/AUTO\n\tINVERSION = AUTO\n\tSTREAM_ID = 0\n\n"; done > uhf.conf

Tsegulani uhf.conf muone ngati muli magawo 28, loyamba likunena 474000000. Kenako:

dvbv5-scan -o matchanelo.conf uhf.conf

Idzayenda frequency imodzi imodzi. Pamene palibe kanthu imadikira masekondi angapo n'kupitirira. Pamene pali siginolo mudzaona mawu akuti Lock ndi 0x1f pambali pake, kenako mayina a matchanelo akutsika. Frequency imodzi imanyamula matchanelo ambiri pamodzi. Mtolo umenewu umatchedwa mux. Lembani papepala mafrequency amene agwira, mudzawafunanso.

Ngati yafika pa 48 popanda Lock, bwererani m'mbuyo motsatana: dmesg ikuti chiyani za firmware, frontend ndi yoyenera, waya walumikizika bwino. Njira yachidule yodziwira ngati vuto ndi eriyo ndiyo kubwereka dikoda ya mnzanu ndi kuilumikiza pa waya womwewo. Ikagwira, vuto lili pa kompyuta. Ndipo muli pomwepo, lowani mu menyu ya dikodayo pamene pamaonetsa mphamvu ya siginolo, pamalembedwanso frequency. Mukaidziwa, simufunikanso kusaka zonse 28. Ngati Lock ikubwera koma matchanelo ena amene dikoda imaonetsa sakutuluka, yesani kusintha STREAM_ID kukhala 1, chifukwa DVB-T2 imalola mux imodzi kugawidwa m'mipaipi ingapo.

Tsopano konzani eriyo ndi manambala, osati ndi maso. Sankhani dzina la tchanelo monga lalembedwera mu matchanelo.conf, zilembo zazikulu ndi zazing'ono chimodzimodzi:

dvbv5-zap -c matchanelo.conf -r "DZINA LA TCHANELO"

Mzere udzayamba kudzibwereza wonena Signal, C/N ndi UCB. Ambiri amayang'ana Signal, koma yofunika ndi C/N, imene ikuonetsa kuti siginolo yaposa phokoso motani. Ikafika 20 dB kupita m'mwamba, mtima ukhale m'malo. UCB ndi chiwerengero cha zidutswa zimene zawonongeka osakonzeka. Iyenera kuima malo amodzi. Ikamakwera, chithunzi chiziduka. Wina akwere pa mlongoti azitembenuza pang'onopang'ono, wina akhale pa laputopu azitchula manambala pafoni kapena pawindo. Manambala amachedwa ndi sekondi kapena awiri, ndiye wapamwambayo azitembenuza n'kuima, kutembenuza n'kuima. Madiraiva ena saonetsa manambala onsewa. Gwiritsani ntchito amene alipo. Kanema wa dijito alibe chipale chija tinkachipirira pa TVM: chithunzi chimakhala choyera kenako n'kuzimiratu. Choncho musakhutire ndi malo oyamba amene chithunzi chaoneka. Funani pamene C/N yakwera kwambiri, kuti mvula ikabwera mukhale ndi potsalira.

Kuonera ndi kujambula

Njira yachangu ndi VLC. Tsekani dvbv5-zap kaye, chifukwa tuner imodzi siingatumikire mapulogalamu awiri. Mu VLC pitani pa Media, Open Capture Device, sankhani TV - digital, kenako DVB-T2, lembani frequency mu kHz, monga 474000, ndi bandwidth 8 MHz. Ikatseguka, matchanelo onse a mux imeneyo ali pansi pa Playback, Program. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku Kaffeine ndi yabwinopo: imasaka yokha, imasunga mndandanda, imaonetsa ndandanda ya mapulogalamu ngati woulutsa akuitumiza, ndipo mungaiuze kuti ijambule nkhani za madzulo inu muli kumsika. Imabwera ndi mafayilo ambiri a KDE, ndiye itsitseni pamene muli ndi bandulo yokwanira.

Kujambula kuchokera mu Terminal ndi mzere umodzi:

dvbv5-zap -c matchanelo.conf -p -t 3600 -o nkhani.ts "DZINA LA TCHANELO"

3600 ndi masekondi a ola limodzi. Kompyuta siisintha chilichonse pa chithunzi, imangolemba zimene zabwera, ndiye ngakhale laputopu yofooka imajambula bwino. Tchanelo yothamanga 2 Mbit pa sekondi imadya pafupifupi 900 MB pa ola. Kuonera ndiko kumafuna mphamvu: ngati chithunzi cha HD chikukakamira pomwe UCB ili phee, vuto ndi purosesa, osati eriyo. Lowani mu zokonda za VLC, pa Input / Codecs, muyatse hardware decoding ya VA-API. Zojambulazo ndi zoonera pakhomo. Amene muli ndi malo oonetsera mavidiyo olipiritsa, nkhani ya ziphaso ndi ya COSOMA ndi eni mapulogalamu, musaiiwale.

Nyumba yonse pa tuner imodzi

Apa ndi pamene Linux imaposera dikoda. Pulogalamu ya Tvheadend imagwira tuner ndi kugawa matchanelo pa Wi-Fi ya m'nyumba, kuti wina azionera pa foni kuchipinda, wina pa laputopu pakhonde. Sipafunika intaneti; rauta yopanda bandulo imakwanira, chifukwa zonse zikuzungulira m'nyumba momwemo. Pa Raspberry Pi OS imapezeka ndi apt, pa Ubuntu imapezeka ngati snap. Mukaiika, pezani adiresi ya kompyutayo ndi hostname -I, ndipo pa browser lembani adiresiyo ndi :9981 kumapeto.

Mawonekedwe ake amaopsa poyamba, koma njira ndi imodzi. Pa Configuration, DVB Inputs, Networks, pangani DVB-T Network yatsopano, muitche Mangochi. Pa TV adapters sankhani frontend ya DVB-T2, muiyatse ndi kuilumikiza ku network imeneyo. Anthu ambiri amaiwala kulumikizaku, n'kumadabwa kuti palibe chikuchitika. Pa Muxes onjezani pamanja mafrequency aja munalemba papepala, delivery system DVB-T2, bandwidth 8 MHz, zina zonse AUTO. Scan result ikanena OK, pitani pa Services, dinani Map services, ndipo chongani kuti isatenge matchanelo otsekedwa kuti mndandanda usadzaze ndi mayina osaoneka. Pa foni, VLC imatsegula adiresi yomweyo yothera ndi :9981/playlist, ndipo pulogalamu yotchedwa Kodi ili ndi cholumikizira chake cha Tvheadend chodzera pa doko 9982.

Malire ake ndi awa: tuner imodzi imatchera mux imodzi pa nthawi. Anthu atatu angaonere matchanelo atatu osiyana bola onse akhale mu mux imodzi. Wina akafuna ya mux ina, mkangano wa rimoti wabwereranso, pokhapokha mutagula ya matuner awiri ngati dualHD. Ikani dzina ndi mawu achinsinsi pa Tvheadend, makamaka ngati Wi-Fi yanu amalowapo ana a neba.

Kumene mlongoti sufika

M'madera amene siginolo ya pansi siifika ngakhale mutakweza eriyo motani, njira ndi dishi ndi tuner ya DVB-S2. Zonse za lsusb, dmesg ndi firmware n'chimodzimodzi. Kusiyana n'kwakuti tuner iyenera kudyetsa LNB, kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi, magetsi a 13 kapena 18 V, ndiye za USB zimabwera ndi adaputala yakeyake ya pakhoma, ndipo posaka mumawonjezera -l UNIVERSAL kuti pulogalamu idziwe kuti LNB yanu ndi wamba ija ya 9750 ndi 10600 MHz. Kuloza dishi kusiyireni amisiri amene amaika madishi tsiku ndi tsiku, ali ndi mita yake. Lamulo la matchanelo otsekedwa silisintha.

Kutentha, magetsi ndi mphenzi

Matuner a DVB-T2 amatentha ngakhale m'nyengo yozizira, nanji mu October kuno kunyanja. Ikatentha kwambiri imayamba kudula chithunzi pakatha mphindi makumi angapo, kapena kuzimiririka pa lsusb. Musaiike molunjika m'mbali mwa laputopu pamene fani imatulutsira mpweya wotentha. Gwiritsani ntchito kawaya kowonjezera ka USB kakafupi, tuner ilendewere pamene pali mphepo. Kawayako kamathandizanso kuitalikitsa ku phokoso la magetsi la laputopu, ndiponso kulemera kwa RG6 sikuthyola doko.

Amene muli pa sola, ma inveta otchipa ndi matchaja ena amatulutsa phokoso limene limatsitsa C/N. Kuyesa kwake n'kosavuta: yang'anani manambala a dvbv5-zap, zulani tchaja kuti laputopu iyendere batire, muone ngati akwera. Akakwera, sinthani tchaja kapena talikitsani waya wa eriyo ku mawaya a inveta. Magetsi akazima n'kuyakanso, kapena laputopu ikagona n'kudzuka, matuner ena sabwerera mpaka mutawazula ndi kuwalowetsanso. Pa kompyuta yoti izijambula yokha, zimitsani kugona mu zokonda za Power, ndipo ngati tuner ikuzimabe yokha, onjezani usbcore.autosuspend=-1 pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT mu /etc/default/grub, kenako sudo update-grub ndi kuyatsanso kompyuta. Ya padesiki muiuze mu BIOS kuti iziyaka yokha magetsi akabwera.

Mvula ya mabingu ikayandikira, zulani waya wa eriyo ku tuner ndi kuuika pansi kutali ndi zipangizo. Mphenzi siifunika kugwa pa mlongoti wanu weniweniwo. Ikagwa pafupi, mphamvu yake imatsata waya, kudutsa mu tuner, n'kukaotcha bolodi ya laputopu kudzera pa USB. Ngati mlongoti ndi wachitsulo, uthireni waya wochindikala wopita ku chitsulo chokhomeredwa m'nthaka.

Chomaliza ndi cha amene munagula khadi lofuna madiraiva omanga nokha. Tsiku limene tuner yasiya kuoneka mutangochita update, musamasule kalikonse. Poyatsa kompyuta gwirani Shift kapena dinani Esc kuti menyu ya GRUB, yosankhira kernel, ituluke, lowani pa Advanced options, sankhani kernel yakale, ndipo kanema abwerera pomwepo. Madiraiva a kernel yatsopanoyo mudzamange tsiku limene muli ndi nthawi, ndipo ngati akukana kulowa mutamanga bwinobwino, yang'anani Secure Boot mu BIOS, chifukwa imakana madiraiva osasainidwa. Mafayilo a firmware aja ndi matchanelo.conf asungeninso pa fulashi, kuti podzaika Linux mwatsopano musadzayambirenso kufufuza.